Thamangirani Mphotho Imene Sidzalandidwa

Phunziro lozikidwa pa 2 Timoteo 2:5

BWALO la maseŵera la Loftus Versfeld, mumzinda wa Pretoria ku South Africa, limaloŵa anthu oposa 50,000. Ndilo kwawo kwa timu ya mpira wa rugby yotchedwa Bulls, imene inatenga chikho cha Super 14 mu 2007, 2009, ndi 2010. Mmodzi wa oseŵera ake m'zaka zimenezo anali Chiliboy Ralepelle, amene anaphunzira pa Pretoria Boys High School. Mu 2006, ali ndi zaka 20 zokha, iye anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya dzikolo, ya Springboks, pamene inaseŵera ndi timu ya akatswiri osankhidwa m'maiko osiyanasiyana. Ambiri anayembekezera zazikulu kwa mnyamata ameneyu.

2 Komabe, zinthu sizinathe monga momwe anthuwo anayembekezera. Mu 2015, pamene anali kuseŵerera timu ya Toulouse ku France, m'thupi mwake munapezeka drostanolone, mankhwala oletsedwa okulitsa minofu, ndipo anagamulidwa chiletso cha zaka ziŵiri. Pambuyo pake anabwerera kwawo naloŵa timu ya Sharks ya ku Durban. Koma mu 2019 opima anapezanso mwa iye zeranol, mankhwala amene alimi a m'maiko ena amanenepetsera ng'ombe. Ngakhale kuti iye anaukana mlanduwo, mu 2020 analetsedwa kuseŵera kwa zaka 8. Kwa mwamuna wazaka 33, chigamulo chimenecho chinatanthauza kutha kwa ntchito yake m'bwalo.

1, 2. Kodi nchiyani chinachitikira woseŵera wina wotchuka wa ku Pretoria?

3 Akristu ochepa kwambiri ndiwo adzapondapo m'bwalo lotero monga oseŵera. Chikhalirechobe, mtumwi Paulo anayerekezera moyo wa Mkristu aliyense ndi mpikisano, ndipo anakumbutsa Timoteo kuti wopikisana amene anyalanyaza malamulo sapatsidwa nkhata yachipambano. (2 Timoteo 2:5) Kodi nchifukwa ninji anthu aluso amatembenukira ku chinyengo? Kodi msampha umodzimodziwo ungakole motani mtumiki wa Yehova? Ndipo kodi Mkristu ayenera kuchita motani pamene mnzake wanenezedwa kuti wachita chinyengo?

3. Kodi ndi mafunso otani amene adzapendedwa?

Malamulo Amene Timoteo Anawadziŵa

4 Fanizo la Paulo silinali lachilendo kwa oŵerenga ake. Pamaseŵera a ku Olympia, m'Girisi wakale, opikisana anali kulumbira kuti adzikonzekeretsa kwa miyezi 10 ndi kuti sadzachita chinyengo. Si onse amene anasunga lumbirolo. Mu 388 B.C.E., katswiri wankhonya wotchedwa Eupolus wa ku Thessaly anapereka ziphuphu kwa amuna atatu opikisana naye. Onsewo analipitsidwa faindi, ndipo ndalamazo zinagwiritsiridwa ntchito kuumba mafano amkuwa a Zeu. Mafano oterowo, amene anawonjezereka m'kupita kwa zaka, anaimikidwa m'mbali mwa njira yoloŵera m'bwalo, kotero kuti wopikisana aliyense anafunikira kudutsa pa zikumbutso za manyazi a ena asanayambe mpikisano wake. Miyala imene mafanowo anaimapo ikalipobe kufikira lerolino.

5 Akristu a ku Korinto anali kukhala pafupi ndi malo a Maseŵera a Isthmus, kumene wopambana anavekedwa nkhata ya masamba. Paulo anawasonyeza kuti ngati amuna anadziletsa m'zonse kaamba ka nkhata imene inafota m'masiku oŵerengeka, Akristu ali ndi chifukwa chachikulu koposa chakudziletsa, popeza kuti mphotho yawo siivunda. Ndiyeno anatchula chinthu chimene iye mwini anachiwopa: kuti atalalikira kwa ena, iye mwiniyo angapezedwe wosayenerera. (1 Akorinto 9:24-27) Onani kuti Paulo sanawope kupitiriridwa ndi wina. Mumpikisano wa moyo, onse omaliza mokhulupirika amalandira mphotho. Ngozi ndiyo kukanidwa ndi Woweruza.

4, 5. (a) Kodi onyenga anachitiridwanji ku Olympia? (b) Kodi Paulo anawopa chiyani?

Nyonga Yobwereka

6 Masteroid okulitsa minofu ali mankhwala opangidwa motsanzira testosterone, mphamvu yachibadwa ya m'thupi imene imachititsa mnyamata kukhala ndi thupi lachimuna. Amatheketsa munthu kuchita maseŵera olimbitsa thupi mwamphamvu kwambiri ndi kuchira msanga pambuyo pake. Madokotala amawagwiritsira ntchito pochiza matenda ena, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Koma amene amawamwa kapena kudzibaya nawo kuti apose anzawo amalipira mtengo waukulu. Mankhwalawo angawononge chiŵindi ndi mtima, angachititse munthu ukali wosalamulirika ndi kuchita tondovi, ndipo angamlande mphamvu yakubala. Mwa achichepere angakhwimitse mafupa nthaŵi isanakwane, kotero kuti mnyamata wofuna kukula msanga amapinimbira. Mawu a pa Miyambo 20:17 ngoona chotani nanga! Lembalo limayerekezera phindu lachinyengo ndi chakudya chimene chimakoma poyamba koma potsirizira pake chimasanduka timiyala mkamwa.

6. Kodi masteroid amachitanji m'thupi, ndipo amafanana motani ndi chakudya chotchulidwa pa Miyambo 20:17?

7 Zimene zinachitika m'maseŵera a baseball ku United States zimasonyeza mmene vutolo lingafalikire. M'maseŵera ameneŵa, ulemerero waukulu umapita kwa womenya mpira ndi chibonga kufikira utagwera kunja kwa mpanda wa bwalo. Mu 1998, Mark McGwire anachita zimenezo nthaŵi 70 m'nyengo imodzi, kuposa aliyense kumbuyoko, ndipo makamu anadzaza mabwalo kudzamuonerera. Koma mu December 2007, lipoti la George Mitchell, amene kale anali phungu wa nyumba ya malamulo, linatchula maina a oseŵera oposa 80 mogwirizana ndi mankhwala oletsedwa. Linasonyeza kuti panalibe ndi imodzi yomwe mwa matimu 30 imene inali yosakhudzidwa, ndipo linaimba mlandu osati oseŵera okha komanso akuluakulu amene anazengereza kuchitapo kanthu. Mu 2010, McGwire anavomera poyera kuti anagwiritsira ntchito masteroid, kuphatikizapo mu 1998, akumanena kuti anafuna kuchira msanga pamene anavulala.

8 Chifukwa chimene iye anapereka nchofunika kuchilingalira. Kaŵirikaŵiri chiyeso sichimafika pamene munthu ali wamphamvu, koma pamene wavulala, akukalamba, kapena akuona wachichepere akuyandikira malo ake. Mtima umayamba kunong'ona kuti: 'Ena onse akuchita zimenezi. Ndikungofuna kulingana nawo.' Wophunzira Yakobo anafotokoza njira imeneyi bwino lomwe: chilakolako chimakopa munthu, chimakhala ndi pakati, chimabala uchimo, ndipo uchimowo utakula umadzetsa imfa. (Yakobo 1:14, 15) Chilakolako chimenecho sichili m'botolo la mankhwala. Chili mumtima, ndipo Mkristu aliyense wopanda ungwiro ali nacho.—Yeremiya 17:9.

7, 8. (a) Kodi lipoti la mu 2007 linavumbula chiyani ponena za baseball? (b) Kodi chiyeso chimakhala champhamvu makamaka liti?

9 Makolo afunikira kukhala maso kwambiri. Mu 2018, pampikisano wa rugby wa ana asukulu a ku South Africa wotchedwa Craven Week, anyamata 6 anapezeka ndi masteroid m'thupi. Mnyamata amene amamva tsiku ndi tsiku kuti mtsogolo mwa banja lonse mwadalira pa kusankhidwa kwake, kapena pa magiredi ake a mayeso, angaganize kuti kulephera nkoipa kuposa kunama. Makolo Achikristu amathandiza ana awo kuona kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake, koma lochepa poyerekezera ndi kudzipereka kwaumulungu. (1 Timoteo 4:8) Wamasalmo anasonyeza kuti chimene chimakondweretsa Yehova sindicho miyendo yamphamvu ya munthu, koma mantha aulemu a awo oyembekezera kukoma mtima kwake.—Salmo 147:10, 11.

9. Kodi makolo angatetezere motani ana awo?

Mlandu Suola

10 Wonyenga aliyense amadalira chinthu chimodzi: kuti sadzadziŵika. Koma chidaliro chimenecho chakhala chikucheperachepera. South Africa inakhazikitsa mwalamulo bungwe lake lopima oseŵera mu 1997, ndipo bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala m'maseŵera linayambika mu 1999. Woseŵera angapimidwe popanda chenjezo, ngakhale panyumba pake. Ndiponso, mkodzo ndi mwazi zotengedwa pa Maseŵera a Olympic zingasungidwe kwa zaka 10 ndi kupimidwanso ndi njira zatsopano. Pamene zotengedwa mu 2008 ku Beijing ndi mu 2012 ku London zinapimidwanso, opikisana ambiri analandidwa mamendulo amene anali atawasunga m'nyumba zawo kwa zaka zambiri. Akuluakulu akale ananena zoona kuti mlandu suola.

11 Ngati anthu, okhala ndi zipangizo zopereŵera, angavumbule chinsinsi cha zaka 8 zapitazo, bwanji nanga za Mlengi? Lemba la Ahebri 4:13 limaphunzitsa kuti palibe cholengedwa chobisika kwa iye, ndi kuti aliyense adzadziŵerengera mlandu kwa iye. Yesu nayenso anachenjeza kuti zophimbidwa mosamala zidzaululidwa. (Luka 12:1, 2) Gehazi anaganiza kuti Elisa sanadziŵe za siliva ndi zovala zimene anatenga kwa Namani mwa bodza. Iye anazibisa m'nyumba naimirira pamaso pa mbuye wake monga ngati kuti palibe chachitika. Koma anachoka pamenepo ali wakhate. (2 Mafumu 5:20-27) Chotero Mkristu samafunsa kuti, 'Kodi ndidzagwidwa?' Iye amadziŵa kuti Woweruza wa mpikisano wake waona kale.

10, 11. (a) Kodi nchifukwa ninji onyenga sangadalire kupita kwa nthaŵi? (b) Kodi nkhani ya Gehazi imaphunzitsa chiyani?

12 Ndiponso, chinyengo sichimavulaza wochita yekha. Mu 2017, timu ya Jamaica ya amuna anayi othamanga mopatsirana kamtengo inalandidwa mendulo yagolidi ya mu 2008 chifukwa chakuti mmodzi wa iwo, Nesta Carter, anapezeka ndi mankhwala oletsedwa pamene mkodzo wake unapimidwanso. Anzake atatu, kuphatikizapo Usain Bolt, anafunikira kubweza mamendulo awo. Ku Malaŵi, mu 2020, mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa chakuti mafunso anali atabedwa, ndipo ophunzira oona mtima anafunikira kulembanso limodzi ndi onyenga. Zimenezi zimakumbutsa za Akani, amene anabisa pansi m'hema wake chovala chokongola, masekeli 200 a siliva, ndi golidi. Chifukwa cha tchimo lake lobisikalo, Aisrayeli anagonjetsedwa pa Ai, ndipo amuna pafupifupi 36 anafa. (Yoswa 7:1-5, 20, 21) Mofananamo, chinyengo cha Mkristu mmodzi chingatonzetse dzina la Mulungu ndi kulefula mpingo wonse.

12. Kodi chinyengo cha munthu mmodzi chimakhudza motani ena?

Kufuna Kuoneka Wamkulu Kuposa Mmene Ulili

13 Kodi pali chinthu chofanana ndi masteroid m'moyo wauzimu? Talingalirani za Hananiya ndi Safira. Barnaba anali atagulitsa munda napereka ndalama zake kwa atumwi, ndipo anali kulemekezedwa. Banjali nalonso linagulitsa munda, linapatula mbali ya ndalamazo mwamseri, ndi kupereka zotsalazo monga ngati kuti ndizo mtengo wonse. Petro anamveketsa bwino kuti mundawo unali wawo, ndipo ndalamazo zinali m'manja mwawo kuchita nazo monga anafunira. Palibe lamulo linawakakamiza kupereka zonse. Tchimo lawo linali lakuti anafuna mbiri ya Barnaba popanda nsembe ya Barnaba, ndipo ananamiza mzimu woyera kuti aipeze. (Machitidwe 4:36–5:11) Monga woseŵera wodzibaya mankhwala, iwo anafuna kuoneka aakulu kuposa mmene analiri.

13. Kodi tchimo la Hananiya ndi Safira linali lotani kwenikweni?

14 Mkristu angachite bwino kudzipenda. Kodi amakuza zimene wachita muutumiki kotero kuti atamandidwe? Kodi amakhala wina pamisonkhano ndi wina kunyumba? Ngati ali wamalonda, kodi mbale kapena chitini chimene amayesera ufa, nyemba, kapena mpunga nchopindidwa kunsi? Yehova amanyansidwa ndi sikelo yonyenga. (Miyambo 11:1) Ngati wasamukira ku Pretoria, Harare, kapena Lusaka kukafuna ntchito, kodi amakana kugula satifiketi yabodza kapena kugwiritsira ntchito zikalata za munthu wina, ngakhale pamene achibale kumudzi akuyembekezera thandizo? Ngati ali pasukulu, kodi amakana mafunso obedwa pamene anzake onse a m'kalasi awalandira? Paulo ndi anzake anafuna kudzisungira moona mtima m'zinthu zonse, osati m'zinthu zosavuta zokha.—Ahebri 13:18, Luka 16:10.

15 Kuona mtima koteroko kungakhale ndi mtengo wake. Woseŵera wokana mankhwala angataye malo ake m'timu, ndipo Mkristu wokana zikalata zabodza angakhale miyezi yambiri popanda ntchito yodalirika. Malemba samalonjeza kuti woona mtima adzapambana nthaŵi zonse m'dongosolo ili la zinthu. Amalonjeza kuti Yehova sadzasiya konse awo oika Ufumu wake patsogolo. (Mateyu 6:33, Ahebri 13:5, 6) Ndipo munthu woteroyo amagona tulo popanda kuwopa kugogoda kwa pakhomo.

14, 15. (a) Kodi ndi m'mbali ziti zimene Mkristu ayenera kudzipenda? (b) Kodi Malemba amalonjezanji kwa woona mtima?

Pamene Wina Wanenezedwa

16 Nkhani ya woseŵera wa ku Pretoria uja ili ndi mbali ina yoyambirira imene ili ndi phunziro losiyana. Mu November 2010, pambuyo pa maseŵera a Springboks ndi Ireland ku Dublin, Ralepelle ndi mnzake Bjorn Basson anapezeka ndi methylhexaneamine, mankhwala oletsedwa opatsa nyonga. Anabwezedwa kwawo ulendo uli mkati, maina awo ali m'manyuzipepala. Koma mu January 2011, komiti yoweruza inapeza kuti mankhwalawo anali m'chakumwa chimene oyang'anira timu iwo eniwo anapatsa oseŵera, ndipo inagamula kuti aŵiriwo analibe liwongo. Amene anathamangira kuwatcha onyenga m'milungu imeneyo anali atalakwa. Milandu yapambuyo pake siikusintha chenicheni chakuti pamlandu umenewo umboni unawamasula.

17 Buku la Miyambo limatcha kuyankha nkhani usanaimvetsetse kukhala utsiru, ndipo limasonyeza kuti woyamba kufotokoza mlandu wake amaoneka wolungama kufikira mnzake atafika ndi kumfunsitsa. (Miyambo 18:13, 17) Chilamulo cha Mose sichinalole munthu kutsutsidwa pa mawu a munthu mmodzi yekha, ndipo oweruza anafunikira kufufuza mosamalitsa. (Deuteronomo 19:15-19) Chotero pamene Mkristu amva kuti mbale wachita chinyengo m'malonda kapena m'nkhani ina, samafalitsa nkhaniyo, kaya pakamwa kapena pa foni. Ngati iye ndiye wolakwiridwa, amayamba mwa kulankhula ndi mbaleyo paokha. (Mateyu 18:15-17) Ngati akudziŵadi za tchimo lalikulu, samalibisa, koma amalipereka kwa akulu, amene ali ndi thayo lakumva mbali zonse ziŵiri. (Levitiko 5:1) Kubisa tchimo ndi kufalitsa mphekesera zonse ziŵiri zimavulaza mpingo.

16, 17. (a) Kodi nchiyani chinachitika mu 2010 ndi 2011? (b) Kodi Mkristu amachita motani pamene mbale wanenezedwa?

Wogwa Angadzukenso

18 Bwanji ngati chikumbumtima cha Mkristu chikumtsutsa pamene akupenda nkhanizi? Kodi mpikisano wake watha? Ngakhale m'maseŵera, chiletso sichimakhala mapeto nthaŵi zonse. Johan Ackermann, amene anaseŵerera timu ya ku Pretoria imodzimodziyo pamene inkatchedwa Northern Transvaal, analetsedwa kwa zaka ziŵiri mu 1997 atapezeka ndi nandrolone. Chilangocho chitatha, anayambiranso, ndipo mu 2007 anaseŵerera Springboks ali ndi zaka 37. Mu 2025 anaikidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa Bulls. Ngati anthu angapatse mnzawo mpata wina, koposa kotani nanga Yehova, amene ali wokonzeka kukhululukira! (Salmo 86:5) Komabe, njira yake njoonekeratu: wobisa zolakwa zake zinthu sizidzamuyendera bwino, pamene woulula ndi kuzisiya adzasonyezedwa chifundo. (Miyambo 28:13) Zakeyu sanangomva chisoni. Analonjeza kubweza kuŵirikiza kanayi zimene analanda mwachinyengo.—Luka 19:8, Yakobo 5:14-16.

18. Kodi amene wachita chinyengo ayenera kuchitanji, ndipo ali ndi chiyembekezo chotani?

19 Wothamanga wotopa amafunikiradi nyonga yoposa yake, ndipo pali magwero amodzi amene Woweruza iye mwiniyo amawavomereza. Yesaya analemba kuti ngakhale anyamata amalefuka ndi kugwa, koma oyembekezera Yehova amapatsidwa mphamvu zatsopano. (Yesaya 40:29-31) Iye amapereka mzimu woyera kwa ompempha, ndipo amalimbitsa atumiki ake kupyolera m'Mawu ake ndi mumpingo. (Luka 11:13, Ahebri 10:24, 25) Yesu anadalira nyonga imeneyo. Pamene Satana anamsonyeza maufumu onse a dziko, anali kumpatsa njira yachidule yopezera ulamuliro popanda kuvutika. Yesu anakana nthaŵi yomweyo. (Mateyu 4:8-10) Anapirira kufikira imfa, ndipo ulamuliro umene Atate wake anampatsa palibe amene angamlande.—Afilipi 2:8-11, Ahebri 12:1-3.

20 Mpira umene Barry Bonds anamenya mu 2007 pamene anaposa onse m'mbiri ya baseball ya ku United States unaperekedwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale za maseŵerawo ku Cooperstown. Iye anakana kuti anamwapo masteroid mwadala. Chikhalirechobe, amene anagula mpirawo anaudinda chizindikiro cha kanyenyezi asanaupereke, kusonyeza kuti chipambanocho nchokayikiridwa. Mtumiki wa Yehova angakhale wosadziŵika, wosauka, ndi wapang'onopang'ono pa liŵiro lake. Koma ngati athamanga moona mtima kufikira mapeto, angakhale ndi chidaliro chonga cha Paulo, amene pafupi ndi imfa yake anadziŵa kuti Woweruza wolungama anamsungira mphotho. (2 Timoteo 4:7, 8) Mphotho imeneyo ilibe chizindikiro cha chikayikiro, ndipo sipadzakhala kupimanso kumene kudzailanda.

19, 20. (a) Kodi Mkristu angapeze kuti nyonga yovomerezeka? (b) Kodi mphotho ya okhulupirika imasiyana motani ndi ya dzikoli?

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi nchifukwa ninji fanizo la pa 2 Timoteo 2:5 linali lomveka kwa Akristu oyambirira?

□ Kodi Hananiya ndi Safira anafanana motani ndi oseŵera ogwiritsira ntchito masteroid?

□ Kodi ndi malamulo amkhalidwe ati amene amatsogolera Mkristu pamene wina wanenezedwa?

□ Kodi wochita chinyengo angayanjidwenso motani ndi Yehova?